Tsiku limene ndinasuntha malire pa disiki ya sukulu

Mpaka lero, ndikamagawa disiki pa terminal, sikirini yolemberapo malamulo a kompyuta, n'kufika poti ndilembe chilembo cha w, cholamula kuti zosintha zilembedwe pa disiki, dzanja langa limayamba laima kaye pamwamba pa kiyibodi. Chizolowezi chimenechi ndinachitenga masana ena a mwezi wa Okutobala m'chaka cha 2022, pa khonde la golosale ina kufupi ndi Ngabu, pamene ndinalemba chilembocho pa disiki yolakwika mwini wake ali chikhalire pambali panga.

Ndimakonza makompyuta a masukulu ndi a mabizinesi ang'onoang'ono kuyambira ku Nchalo mpaka ku Bangula, ndipo kugawa disiki ndi ntchito imene ndinali nditaigwira kambirimbiri popanda chovuta. Ndikukhulupirira kuti kuzolowera kumeneku ndi kumene kunandichititsa kuyang'ana pa sikirini osawerenga zimene zinalembedwapo.

Disiki imene inapulumuka madzi

Tonse a kuno tikukumbukira zimene namondwe wa Ana anachita kumapeto kwa Januwale chaka chimenecho, choncho sindibwereza. Pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, madzi analowa mu ofesi n'kumiza makabati, ndipo mafayilo a mapepala amene anasungidwa kwa zaka zambiri anasanduka phala. Mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, mayi wachikulire amene anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, anakumbukira chinthu chimodzi usiku umene ankathawira kumtunda: anatenga disiki yakunja ya sukulu, anaikulunga m'majumbo awiri, n'kuimangirira m'chiuno ndi chitenje.

M'disikimo munali mayina a ophunzira, malikisi a teremu iliyonse, zotsatira za mayeso a JCE ndi MSCE, makalata a umboni ndiponso mabuku a ndalama za komiti ya makolo. Mapepala atawonongeka, mwana aliyense wofuna kalata yotsimikizira kuti anaphunzira pa sukulupo ankadalira kabokosi kakuda kameneka. Komiti inaona kuti si bwino kuti zonse zikhale pamalo amodzi, motero inasonkha ndalama n'kugula disiki yachiwiri, ndipo ine anandiitana kuti ndidzaikonze ndi kukoperamo zonse.

Chimene ndinkafuna kuchita

Disiki yatsopanoyo inali ya 1 TB, chimodzimodzi yakale ija. Ndinaganiza zoigawa pawiri: gawo limodzi la 300 GB likhale la ext4 (dongosolo losungira mafayilo la Linux), losungira mabuku ndi mavidiyo a maphunziro pa kompyuta ya Ubuntu (mtundu wa Linux) imene ophunzira amagwiritsa ntchito, ndipo lotsalalo likhale la NTFS (dongosolo la Windows) kuti kompyuta ya Windows ya mu ofesi izitha kuwerenga makalata a sukulu popanda vuto.

Gawo lotere, limene a makompyuta amalitcha partition, si chipinda chokhala ndi makoma monga ambiri amaganizira. Disiki ndi mzere umodzi wautali wa timalo totchedwa ma sector, ndipo pa madisiki ambiri kamalo kalikonse kamawerengedwa kuti n'ka mabayiti 512. Disiki ya 1 TB imakhala ndi timalo 1,953,525,168. Chimene chimapanga gawo ndi kaundula wamng'ono kwambiri, partition table, amene amangonena kuti gawo loyamba likuyambira pa nambala yakuti n'kuthera pa nambala yakuti. M'kalembedwe kakale ka MBR, kamene kanayamba m'chaka cha 1983, kaundulayu amakhala mu sector yoyambirira yeniyeni ndipo amatenga mabayiti 64 okha, mizere inayi ya mabayiti 16, n'chifukwa chake MBR imalola magawo akuluakulu anayi basi ndipo siitha kuwerenga kupitirira pafupifupi 2 TB. Kalembedwe katsopano ka GPT kamapereka malo a magawo 128 ndipo kamasunga kaundula wachiwiri kumapeto kwa disiki. Zonsezi ndinkazidziwa bwino tsiku limenelo, ndipo ndikanatha kuzifotokoza kwa aliyense wondifunsa.

Mmawa, tili mu ofesi, ndinalumikiza madisiki onse awiri ku laputopu yanga n'kulemba lsblk, lamulo loonetsa madisiki olumikizidwa. Disiki ya mkati mwa laputopu inaoneka ngati sda, yatsopano ija ngati sdb, ya sukulu ngati sdc. Ziwiri zakunjazo zinkaonetsa kukula kofanana, 931.5G, chifukwa ogulitsa amawerenga ndi 1,000 pamene kompyuta imawerenga ndi 1,024. Ndinasunga m'mutu kuti sdb ndiyo yogawa.

Pa khonde la golosale

Chaka chimenecho magetsi ankazima kwa maola ambiri, popeza namondwe yemwe uja anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, konkuno ku Chikwawa, ndipo dziko linataya mphamvu pafupifupi ma megawati 130. Cha m'ma 10 koloko magetsi anathima ndisanayambe chilichonse, ndipo batire ya laputopu yanga, imene inali itatopa kale, siinapirire ngakhale theka la ola. Mphunzitsi wamkulu anati tipite pa golosale ya mnzawo amene ali ndi sola. Ndinazula madisiki onse, tinawaika m'chikwama, n'kuyenda pa dzuwa la Okutobala limene limapangitsa kuti ngakhale mbuzi zibisale pansi pa ngolo.

Mwini golosale anatipatsa benchi pa khonde n'kutulutsira chingwe pa windo. Ndinayatsa laputopu n'kulumikizanso madisiki aja, osasamala kuti ndayamba ndi iti. Apa ndi pamene panagona vuto lonse. Linux siipatsa disiki dzina lokhazikika. Mayina a sda, sdb ndi sdc amaperekedwa motsatira imene yayamba kuoneka. Mmawa ndinayamba ndi yatsopano, masana ndinayamba ndi ya sukulu, ndipo mayina anasinthana mwakachetechete.

Ndinalemba sudo fdisk /dev/sdb kuti nditsegule fdisk, pulogalamu yogawira disiki. Pulogalamuyo inandichenjeza monga imachitira nthawi zonse, kuti zosintha zonse zikhala m'chikumbumtima cha kompyuta chokha kufikira nditalamula kuti zilembedwe. Ndinalemba p kuti ndione kaundula, ndipo ndinaona 931.5G ndi gawo limodzi la NTFS, zimene ndinkayembekezera, chifukwa disiki yatsopano nayonso inachoka ku sitolo ili ndi gawo limodzi lotero. Mzere wonena mtundu wa disiki unali pomwepo pamwamba, koma maso anga anaudumpha. Ndinalemba d kufufuta gawolo, kenako n kupanga latsopano, ndinavomera kuti liyambire pa sector 2048 monga fdisk imasankhira yokha, ndipo pa mathero ndinalemba +300G.

Pamenepo fdisk inandiuza kuti pamalopo pali chizindikiro cha NTFS, n'kundifunsa ngati ndikufuna kuchichotsa. Ndinayankha kuti ayi, poganiza kuti lamulo lotsatira lichichotsa lokha. Kenako ndinalemba w n'kudina Enter, ndipo mzere unabwera wonena kuti kaundula wa magawo wasinthidwa.

Funso limene linandiimitsa

Gawo likapangidwa limakhala lisanakonzeke kusunga mafayilo mpaka utaliyalira dongosolo lake, ndipo ntchito imeneyi ndi ya mkfs. Ndinalemba sudo mkfs.ext4 /dev/sdb1. M'malo moyamba ntchito, pulogalamuyo inalemba mizere iwiri:

/dev/sdb1 contains a ntfs file system labelled 'SUKULU'
Proceed anyway? (y,N)

Funso lotere ndinali nditaliyankha nthawi zosawerengeka, ndipo chala changa chinali chitafika kale pa y. Mphunzitsi wamkulu anali atakhala kumanja kwanga, magalasi ali pamphuno, akudzipepeza ndi kope. Sadziwa Linux, koma ndi munthu amene wakhala zaka zambiri akuchonga mayeso, ndipo chilichonse cholembedwa chimene chili patsogolo pawo amachiwerenga mpaka kumapeto. Anatambasula dzanja n'kuloza pa sikirini ndi cholembera.

"Bambo, bwanji pamenepa pakuoneka dzina la disiki yanga? Dzina limeneli ndinalilemba ndekha."

Ndinachotsa dzanja pa kiyibodi n'kuliika pa bondo. Kunja kunkatentha kwambiri koma ine ndinamva kuzizira kumsana. Ndinayang'ana zingwe ziwiri zija, ndinayang'ananso mawu akuti SUKULU, ndipo ndinazindikira kuti gawo limene ndinafufuta mphindi ziwiri zapitazo linali la disiki imene inaoloka madzi ili m'chiuno mwa mayi ameneyu. Ndinalemba N mosamala ngati munthu woponda pa mlatho wothyoka.

"Amayi, ndalakwitsa. Ndagwira disiki yanu m'malo mwa yatsopano ija."

Sanakuwe ndipo sananditukwane. Anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kundifunsa mawu amodzi okha: "Zapita?"

Zikhomo ndi mbewu

Ndinayamba kufotokoza za ma sector ndi kaundula, koma mawu ankangokodana m'kamwa. Ndinati mafayilo awo sindinawakhudze, chimene ndasintha ndi manambala ochepa a kumayambiriro kwa disiki, onena pamene gawo likuyambira ndi pamene likuthera. Iwo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandiuza za dimba lawo la kufupi ndi Shire. Madzi ataphwa chaka chomwecho, anapeza mchenga utakwirira zikhomo zonse za m'malire, moti panalibe wodziwa pamene munda wa uje ukuthera. Nthaka inali pomwepo, koma anthu anatsala pang'ono kumenyana kufikira a nyakwawa atabwera ndi akuluakulu n'kuyenda kuchokera pa mlambe kukafika pa chitsa cha mgwalangwa, akuloza pamene zikhomo zinali kale.

"Ndiye mukunena kuti mwazula zikhomo, koma simunalime?"

Ndinayankha kuti ndi momwemo ndithu, ndipo sindinamvepo munthu wa makompyuta akulongosola nkhaniyi momveka kuposa pamenepa. Lamulo la fdisk limasuntha zikhomo, pamene mkfs ndi khasu. Ndikanadina y, pulogalamuyo ikanalemba dongosolo latsopano la ext4 m'malo osiyanasiyana a gawo la 300 GB lija, pamwamba pa chiyambi cha NTFS ndi pamwamba pa zina mwa zimene zinasungidwamo. Zikatero munthu amatsala ndi mapulogalamu opulumutsira monga TestDisk ndi PhotoRec, amene analemba Christophe Grenier. PhotoRec imatha kutola mafayilo ambiri, koma imawabweza opanda mayina awo ndiponso opanda mafoda, ndipo ndikaganiza za makalata zikwizikwi a ophunzira atasanduka mulu wa manambala, ndimadziwa kuti ntchito yowasanja ikanatenga miyezi ndipo ena sakanapezeka n'komwe.

Panalinso ngozi ina imene ndinaipewa chifukwa chokhala phee. Munthu akachita mantha amathamangira kukalumikiza disiki ku Windows kuti aone ngati mafayilo alipo. Disiki imene malire ake sakugwirizana ndi zimene zili mkati, Windows kawirikawiri imalephera kuiwerenga n'kufunsa ngati ukufuna kuichita format, ndipo ambiri amavomera poganiza kuti akukonza. Ndalandirapo madisiki angapo amene anafera pa funso limeneli.

Kubwezera chikhomo pamalo pake

A nyakwawa anali ndi mlambe woti ayambirepo. Ine ndinali ndi chilembo cha p chimene ndinalemba mwachizolowezi chabe. Ndinakweza sikirini m'mwamba pang'onopang'ono, ndikupemphera kuti mizere ija ikhale isanafufutike, ndipo ndinaipeza: gawo lakale linkayambira pa 2048, linkathera pa 1953521663, ndipo mtundu wake unali 7, nambala imene MBR imagwiritsa ntchito pa NTFS. Pamwamba pake panali mzere uja wonena mtundu wa disiki, woonekeratu kuti si ya kampani imene inapanga yatsopano ija.

Choyamba ndinazula disiki yatsopano n'kuipereka kwa mwini golosale kuti aisunge mkati. Mphunzitsi wamkulu anatsegula kope lawo n'kulemba manambala awiri aja ndi cholembera chofiira, akuyang'ana pa sikirini nambala iliyonse payokha. Ndinatsegulanso fdisk, ndinafufuta gawo la 300 GB limene ndinapanga molakwika, ndinalemba n, ndinavomera 2048, ndipo pa mathero ndinawapempha kuti andiwerengere.

"Wani. Naini. Faifi. Firii."

Anawerenga manambala onse khumi ndi mawu a m'kalasi, ine ndikulemba imodzi imodzi, kenako ndinawawerengera mobweza iwo akutsatira ndi cholembera. Funso la chizindikiro cha NTFS linabweranso, ndipo ulendo uno ndinayankha kuti ayi ndikudziwa chifukwa chake: chizindikiro chimenecho ndicho chimauza kompyuta kuti pamalopo pali mafayilo a mtundu wanji. Ndinalemba t kusintha mtundu wa gawolo n'kuika 7, ndinalemba p, ndipo tonse awiri tinafananitsa mzere watsopano ndi wakale uja. Zitagwirizana ndinalemba w.

Sindinafune kuti kompyuta ilembe kanthu kalikonse pa disikiyo, choncho ndinaitsegula mongowerenga ndi sudo mount -o ro /dev/sdb1 /mnt, kenako ndinalemba ls /mnt. Mafoda anatsika pa sikirini: FOMU 1, FOMU 2, FOMU 3, FOMU 4, MAYESO, KOMITI, MAKALATA. Anandiuza kuti nditsegule kalata ya mtsikana wina amene anamaliza mu 2019 ndipo anali atangopempha umboni sabata yomweyo. Kalatayo inatseguka yonse, ndi dzina lake ndi malikisi ake. Apo mayi aja anapumira m'mwamba n'kuitanitsa madzi akumwa.

Mlandu si wa terminal

Anzanga ena nditawafotokozera anati ichi ndicho chifukwa chake munthu ayenera kugwiritsa ntchito pulogalamu ya zithunzi monga GParted n'kusiya zolemba malamulo. Sindigwirizana nawo. GParted nayonso ikanandionetsa sdb ndi sdc, zonse za 931.5G, ndipo munthu wofulumira akhoza kudina pa yolakwika monga momwe ine ndinalembera dzina lolakwika. Terminal inandionetsa mtundu wa disiki, inandiuza za chizindikiro cha NTFS, kenako inanditchulira dzina lenileni la disikiyo, ndipo inasunga pa sikirini manambala amene anatipulumutsa. Inandichenjeza katatu konse, ndipo amene anawerenga chenjezo lachitatu anali munthu wina.

Chimene ndimawauza achinyamata amene amabwera kudzaphunzira kwa ine n'chakuti zida zimenezi sizifanana pa kuleza mtima. Mu fdisk ukhoza kufufuta ndi kupanga magawo mmene ungafunire, ndipo ukalemba q umatuluka disiki ili mmene inalili, chifukwa palibe cholembedwa usanalamule ndi w. Pulogalamu ya parted siidikira choncho: lamulo lililonse limagwira ntchito nthawi yomweyo. Chimodzimodzi diskpart ya mu Windows, kumene ukasankha disiki ndi select disk n'kulemba clean, kaundula yense amachoka popanda funso. Wophunzira ayambe ndi fdisk, koma adziwe kuti kuleza mtima kwake kumathera pa chilembo chimodzi.

Mmene tinamalizira ntchito

Masana omwewo ndinagawa disiki yatsopano, ya sukulu ili m'chikwama cha mwini wake, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindigawa disiki pamene ina yosafunika pa ntchitoyo ili yolumikizidwa. Ndisanatsegule fdisk ndinalemba lsblk -o NAME,SIZE,MODEL,SERIAL,LABEL, n'kufananitsa nambala ya pa sikirini ndi imene inasindikizidwa kunsi kwa kabokosi. Ndinasunganso kaundula wakale ndi sudo sfdisk -d /dev/sdb > malire.txt, kafayilo kakang'ono ka mizere yochepa kamene kamatha kubwezeretsa malire onse ndi lamulo limodzi. Ndikanachita zimenezi mmawa, sitikanadalira mwayi wa mizere yotsala pa sikirini.

Ndinalemba g kuti disikiyo ikhale ya GPT, popeza ndinali nditangoona kuopsa kosunga malire pamalo amodzi okha. Gawo loyamba ndinalipatsa +300G, lachiwiri ndinalisiyira malo onse otsala n'kulisintha mtundu kukhala Microsoft basic data kuti Windows ilizindikire. Ndinalemba p, ndinawerenga mzere uliwonse mokweza, mphunzitsi wamkulu akumvetsera, ndiyeno w. Gawo loyamba ndinaliyala ndi mkfs.ext4 n'kulitcha MAPHUNZIRO, lachiwiri ndi mkfs.ntfs -f n'kulitcha SUKULU2. Popanda -f ameneyo, pulogalamuyo imayamba yalemba maziro pa gawo lonse, ntchito ya maola ambiri imene batire ya sola sikanaipirira. Pa kompyuta ya ophunzira, mawa lake, ndinalemba gawo la mabuku mu /etc/fstab, fayilo youza kompyuta magawo oti izitsegula ikamayaka, pogwiritsa ntchito UUID, nambala yapadera ya gawolo imene lamulo la blkid limaonetsa, chifukwa nambala imeneyo siisintha ngakhale madisiki atalumikizidwa mosinthana.

Kukopera kunayamba dzuwa litapendeka. Disiki ya sukulu ndinaitsegulanso mongowerenga, ndipo pulogalamu yokopera ya rsync inkatchula mafayilo limodzi limodzi pa sikirini, mayi aja akuzindikira mayina a ana amene anawaphunzitsa n'kumandiuza kumene ena ali tsopano, wina ku Nchalo ku minda ya nzimbe, wina ku koleji ya uphunzitsi. Titamaliza, mwini golosale anali atayatsa kale nyale ya pakhonde ndipo udzudzu unali utayamba. Ndinapepesanso kachiwiri, ndipo ndinakana ndalama imene komiti inandikonzera, koma iwo anaiika m'thumba la malaya anga n'kunena kuti ntchito imene anandiitanira yagwirika.

Kenako anang'amba tsamba lija la manambala ofiira, analipinda kanayi, n'kuliika m'jumbo limodzi ndi disiki yakale. Disiki yatsopano anaipereka kwa wapampando wa komiti, amene nyumba yake ili kumtunda, kuti izikagona kumeneko.